Mmene ndinafunafunira kafukufuku wa mankhwala a nyamakazi kuchokera ku Angónia

Nyamakazi yanga si ija ya agogo, yobwera maondo akatopa ndi zaka. Inandiyamba ndisanakwane zaka 40, ndikuphunzitsa kupulayimale kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo inayambira m'zala. Ndikadzuka m'mawa zala za manja onse awiri zinkakhala zotupa, zouma gwa, moti kufumbata kunkatheka dzuwa litakwera kale. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuno kumazizira mpaka m'mafupa, choko chinkandipulumuka m'manja ana akuona. Kufinya zovala ndinasiya. Mthiko ndinausiyira mwana wanga wamkazi adakali wamng'ono, chifukwa nsima ikayamba kulimba ndinalibe mphamvu yovundulira.

Amayi angapo, ena a ku Dómuè ena a ku Tsangano, atamva kuti ndinapita ku South Africa kukayesa kulowa m'kafukufuku wa mankhwala, akhala akundifunsa njira yake. Ena amaganiza kuti ndinakachira kumeneko, ena amati ndinakagulitsa magazi. Zonsezo ayi. N'chifukwa chake ndati ndilembe mmene zinayendera, kuti amene akufuna kuyesa ayambe akudziwa zimene zili kutsogolo.

Matenda anga anadziwika mochedwa, monga zimakhalira ndi ambiri a ife. Mphini ananditemera, diclofenac ndinamwa wosawerengeka, prednisolone ankandipepuza masiku ochepa kenako nkhope n'kuyamba kufufuma. Atandilembera kalata yonditumiza ku Tete, kumeneko anandijambula manja, n'kunditenga magazi oyeza factor reumatoide, VS ndi PCR. Ziwiri zomalizazi zimasonyeza kuchuluka kwa kutupa m'thupi. Woyeza wina wotchedwa anti-CCP ndinakalipira ku labotale yapadera. Adokotala ataona zonse anati, "Mayi, iyi ndi artrite reumatoide. Chitetezo cha m'thupi mwanu, chimene chimayenera kumenyana ndi tizilombo, chatembenukira molumikizana mafupa anu. Tikaisiya imadya fupa, ndipo chala chikapindika sichiwongokanso." Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 18 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo mwa 10 aliwonse 7 anali akazi. Nditamva zimenezi mtima unakhala pansi pang'ono, chifukwa kumudzi nkhani inali itafika kale poti wina wandiponda.

Anandiyambitsa methotrexate. Apa ndichedwepo, chifukwa ngakhale musadzafune n'komwe za kafukufuku, izi zikhoza kupulumutsa moyo wanu. Methotrexate amamwa kamodzi pa sabata, tsiku limodzi losankhidwa, osati tsiku lililonse. Anthu afapo chifukwa chomwa tsiku ndi tsiku. Amayendera limodzi ndi vitamini wotchedwa ácido fólico. Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kuima, samwa, chifukwa amawononga mwana m'mimba. Sagwirizana ndi mowa. Sagwirizananso ndi cotrimoxazole, uja timangoti Bactrim, amene kwathu kuno amaperekedwa pa matenda ambirimbiri. Awiriwa akakumana akhoza kugwetsa magazi koopsa. Mukapita pachipatala chilichonse, nenani nokha kuti mumamwa methotrexate asanakulembereni kanthu. Ndipo magazi aziyezedwa pafupipafupi kuti aone chiwindi.

Mankhwalawa anandithandiza, koma theka lokha. Zala zina zinaphwa, koma mikono ndi maondo zinapitiriza kutupa. Kuwapeza kwake nakonso kunali ntchito: mwezi wina ku farmácia ku Tete, mwezi wina amuna anga awoloke malire pa Calómuè kukafunafuna ku Lilongwe. Adokotala anandiuza kuti kuli mankhwala ena obaya, monga etanercept ndi adalimumab, amene amatseka puloteni ina yotchedwa TNF imene imakolezera kutupa. Etanercept anavomerezedwa ku America mu 1998, adalimumab mu 2002, ndipo mu 2019 WHO inaika adalimumab pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Koma mtengo wake malipiro a mphunzitsi sangaufike ngakhale kufupi.

Amene anabweretsa ganizo la kafukufuku ndi mwana wanga wamkulu, yemwe nthawi imeneyo ankaphunzira ku yunivesite ya UniZambeze ku Tete. Anati, "Amayi, mankhwala onsewa asanafike pamsika anayamba ayesedwa pa anthu odwala ngati inu, ndipo anthuwo sankalipira." N'zoona. Mankhwala atsopano amadutsa magawo anayi. Gawo loyamba ndi la anthu ochepa, kawirikawiri osadwala, kuti aone ngati thupi likuwalandira. Lachiwiri ndi la odwala, pofuna kupeza mlingo woyenera. Lachitatu ndi la odwala mazanamazana kapena masauzande, m'mayiko ambiri nthawi imodzi, ndipo apa amayerekeza mankhwala atsopano ndi akale kapena ndi placebo, kutanthauza mbulu kapena jakisoni wooneka chimodzimodzi koma wopanda mankhwala. Lachinayi limachitika mankhwala ali kale pamsika. Ndipo si zachilendo m'dziko lathu. Ku Manhiça kuli CISM, malo a kafukufuku amene anayamba mu 1996, ndipo katemera wa malungo wa RTS,S, amene WHO inamuvomereza mu 2021, anayesedwa pa ana a kumeneko.

Kufufuza kwake tinachitira pafoni ya mwana wangayo, usiku, pamene netiweki imakhala yopepuka. Malo aakulu ndi ClinicalTrials.gov, kaundula wa boma la America amene anatsegulidwa mu 2000 ndipo amalembamo kafukufuku wa m'mayiko ambiri. Palinso PACTR, kaundula wa mu Africa amene amasungidwa ku South Africa, ndi ICTRP ya WHO imene imasonkhanitsa za m'makaundula osiyanasiyana. Onsewa ndi aulere, salira kulembetsa. Vuto lathu ife ophunzira m'Chipwitikizi ndi lakuti zonse zili m'Chingelezi. Dzina la matenda muyenera kulilemba momwe iwo amalilembera: ine tinalemba rheumatoid arthritis. Matenda ena otupitsa nawonso ali ndi mayina awo: wa lúpus alembe lupus, wa psoríase alembe psoriasis, wa colite ulcerosa alembe ulcerative colitis, wa msana wouma uja alembe ankylosing spondylitis. Pabokosi la dziko mumaika Mozambique, kenako n'kusintha kuika Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa. Musankhe okhawo olembedwa Recruiting, ndiwo amene akulandira anthu panopa. Olembedwa Completed anatha kale, ndipo olembedwa Active, not recruiting akupitirira koma khomo anatseka.

Usiku umene tinafufuza ife, pa Mozambique panatuluka za malungo, TB ndi HIV zambiri, koma za nyamakazi yanga zolandira anthu sitinapeze. Pa Malawi chimodzimodzi. Ndikumvetsa chifukwa chake, matenda amenewo akupha anthu ambiri, koma sindibisa kuti zinandiwawa. Ife a matenda otupitsa timakhala ngati kulibe, chikhalirecho tili m'midzi monsemu, ena zala zitapindika kale asanamve n'komwe dzina la chimene chikuwadya. Pa South Africa ndi pamene panatuluka angapo, ku Cape Town, ku Pretoria, ku Johannesburg ndi ku Durban. Achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg zaka zambiri, choncho tinayang'ana a kufupi ndi kumeneko.

Kafukufuku aliyense ali ndi nambala yake. Pa ClinicalTrials.gov imayamba ndi NCT n'kutsatana ndi manambala 8. Ilembeni penapake, chifukwa ndi chida chanu choyamba chosiyanitsira zenizeni ndi zachinyengo. Pa WhatsApp pamayenda mauthenga a anthu onena kuti akuchita kafukufuku wa mankhwala a nyamakazi kapena a shuga, ndipo kuti mutumize ndalama yolembetsera pafoni. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anatumiza, n'kulandira mabotolo a zitsamba opanda dzina. Kafukufuku weniweni sakulipiritsani ngakhale metical imodzi. Iwo ndi amene amakubwezerani ya thiransipoti. Amakhalanso ndi chilolezo cha komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku ndi cha bungwe loyang'anira mankhwala. Kwathu kuno ndi CNBS, Comité Nacional de Bioética para a Saúde, ndi ANARME. Ku Malawi ndi NHSRC kapena COMREC, pamodzi ndi PMRA. Ku South Africa ndi SAHPRA ndi komiti ya chipatala kapena yunivesite. Munthu amene sangakuuzeni nambala ya kafukufuku ndi komiti imene inamuvomereza, musiyeni.

Pansi pa kafukufuku aliyense pamakhala mndandanda wa amene angalowe ndi amene sangalowe. Apa ndi pamene tinachedwa kwambiri, mwana wanga akumasulira mzere ndi mzere ine ndikulemba m'kope. Ambiri a nyamakazi yanga amafuna zofanana: matenda akhale otsimikiziridwa ndi dokotala ndi magazi, munthu akhale atamwa methotrexate miyezi yosachepera itatu pa mlingo wosasinthasintha koma osathandizika mokwanira, mfundo zotupa ndi zowawa zikhale zosachepera zisanu ndi chimodzi pa tsiku loyezedwa, prednisolone asapitirire 10 mg pa tsiku. Osaloledwa amakhala amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, odwala TB, ndipo kawirikawiri amene ali ndi HIV kapena matenda a chiwindi otchedwa hepatite B ndi hepatite C, chifukwa mankhwala ambiri oyesedwawo amatsitsa chitetezo cha m'thupi.

Mukaonetsetsa mndandanda umenewu muona kuti khomo la kafukufuku lili kuchipatala chanu chomwe cha masiku onse. Munthu amene sanayezedwe, amene akungomwa diclofenac wogula pamsika, palibe kafukufuku amene angamutenge, ngakhale akuvutika chotani. Iwo amafuna umboni wolembedwa: tsiku limene matenda anadziwika, tsiku limene munayamba methotrexate, mlingo wake, zotsatira za magazi. Ine chinandipulumutsa n'chakuti amuna anga ndi munthu wosunga mapepala. Receita iliyonse, kapepala kalikonse ka ku labotale, ngakhale malisiti a ku farmácia, anali m'chikwama cha pulasitiki m'sutikesi. Tinazijambula zonse pafoni. Adokotala a ku Tete nditawauza kuti ndapeza ensaio clínico, ndiye kuti kafukufuku wa mankhwala, ndipo ndikufuna kuyesa, sanakhumudwe ayi. Anawerenga nane mndandanda uja, n'kundilembera kalata yofotokoza mbiri ya matenda anga. Musawabisire adokotala anu. Mukadzabwerako mudzabwerera kwa iwo omwe.

Kalata yopita kwa ochita kafukufuku tinailemba yaifupi: nambala ya NCT, zaka zanga, dzina la matenda, mankhwala amene ndikumwa ndi mlingo wake, kumene ndimakhala, ndiponso kuti ndili ndi mlongo wanga amene angandisunge ku Johannesburg. Malo ena sanayankhe. Ena anayankha mwaulemu kuti amangotenga okhala m'dzikolo. Malo amodzi anatiimbira, mayi woyendetsa dongosolo la kafukufukuyo n'kufunsa mafunso ambiri kudzera mwa achimwene, ndipo pomaliza anati ndibwere adzandiyeze, koma anatsindika kuti kuyezedwa si kulowa.

Kunyumba nkhani inavuta. Apongozi anga anati, "Mayi a ana, kodi mwaiwala za anamapopa? Mupita nokha kukapereka magazi kwa anthu osawadziwa?" Sindinawaseke, ndipo sindifuna wina aseke mantha amenewa. Zoipa zinachitikapo. Ku Kano, ku Nigeria, mu 1996, ana odwala matenda oumitsa khosi anapatsidwa mankhwala oyesera pa nthawi ya mliri, ndipo makolo anakadandaula kukhoti kuti sanafotokozeredwe bwino. Malamulo okhwima amene alipo lero, kuyambira pa Chikalata cha Helsinki cha 1964 chimene chinakonzedwanso mu 2024, anabadwa chifukwa cha zinthu zoterozo. Ndinawalonjeza apongozi kuti ndikafunsa kuchuluka kwa magazi amene azitenga, kumene akupita, ndi chimene adzachite nawo akamaliza. Ndi amuna anga tinakambirana ina yovutirapo, ya kulera: mayi wa msinkhu wobereka akalowa, amalonjeza kulera modalirika nthawi yonse ya kafukufuku ndi miyezi ina pambuyo pake, ndipo amamuyeza mimba pafupipafupi. Kwa ife ana anali atakwana. Kwa banja limene likufunabe mwana, iyi ndi nkhani yoti mukhalirane pansi musanagule tikiti.

Basi ndinakwerera ku Tete, kudzera pa Cuchamano, Harare, mpaka Beitbridge. Ndi ulendo wautali kwa munthu wa maondo otupa; pa chipata chilichonse kutsika kunkafuna wondigwira mkono.

Tsiku loyamba sanandigwire ngakhale chala. Anandipatsa chikalata cha chilolezo, masamba ambirimbiri, n'kunena kuti palibe chimene angandichite ndisanachimvetse ndi kusaina. Chinali m'Chingelezi. Ndinanena poyera kuti Chingelezi changa n'chochepa, ndipo anandipezera womasulira m'Chipwitikizi, osadalira achimwene okha. Anandilola kupita nacho kunyumba kukagona nacho. Dziwani kuti umenewu ndi ufulu wanu, si chifundo chawo. Ngati simudziwa kuwerenga, ayenera kukuwerengerani pamaso pa mboni imene si ya m'gulu lawo, inu n'kudinda chala. Munthu wamkulu wanzeru zake amasaina yekha. Mwamuna, malume kapena mfumu sangamusainire. Ndipo ngakhale mutasaina, mukhoza kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa, popanda kutaya thandizo limene mumalandira kuchipatala.

M'chikalatamo munali zinthu zimene sindinaziganize ndili ku Ulónguè. Gulu limene munthu alowe amasankha ndi kompyuta mwa maere, osati dokotala, ndipo kawirikawiri dokotalayo naye sadziwa chimene mukulandira. Ndiye kuti ndikanatha kusiya ana, ntchito ndi munda, n'kukalandira placebo. Anandifotokozera kuti methotrexate ndipitiriza, ndipo kuti amene sakupeza bwino pakapita masabata oikika amapatsidwa mankhwala ena othandiza. Munalinso mndandanda wa zoopsa zodziwika, ndi mawu osabisa akuti pakhoza kukhala zina zimene sanazidziwebe. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula, choncho m'mawa mwake ndinabwera ndi kope langa. Ndinafunsa kuti ndikadwala chifukwa cha mankhwalawo alipira ndani, ndipo anandionetsa tsamba la inshuwalansi. Ndinafunsa za magazi, monga ndinalonjezera: anandiuza mlingo wa ulendo uliwonse, labotale imene akupita, ndiponso kuti kusunga magazi kuti adzafufuzire zina m'tsogolo kunali ndi posaina pakepake, pamene ndikanatha kukana osataya malo. Ndinakana pamenepo. Ndinafunsa ngati dzina langa lidzatuluka, anati pa zonse amalemba nambala. Ndinafunsa kuti ndikhala ndikubwera kangati.

Funso limeneli la maulendo ndi limene ndikufuna a kwathu kuno alimve bwino. Kafukufuku wa matenda ngati anga satha mwezi umodzi. Ambiri amatenga miyezi 6, chaka, ena kupitirira. Poyamba amafuna muzibwera masabata awiri kapena anayi aliwonse, pa masiku oikika, ndipo kuphonya kumaononga zotsatira. Ndalama imene amabweza ndi ya ulendo wa m'tauni momwemo ndi chakudya cha tsikulo, osati ya basi yochokera ku Tete. Ndi pasipoti yathu ya Mozambique timalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku owerengeka okha, choncho wofuna kukhala miyezi ayenera kulongosola chilolezo chokhalira, ndipo ochita kafukufuku si iwo okonza zimenezo. Ngati mankhwala ndi obaya, ambiri amasungidwa m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kuwanyamula pa basi kudutsa kutentha kwa ku Tete ndi ku Changara si nkhani yamasewera. Ndinali nditapempha kale tchuthi kuntchito, achimwene ndi alamu anga anali atavomera kundisunga, choncho ndinasaina.

Kenako kuyeza. Namwino wophunzitsidwa anandifinya mfundo imodziimodzi, kuyambira m'zala mpaka m'mapazi, akuwerenga zotupa ndi zowawa. Anandiyeza mtima, mkodzo, magazi, n'kundijambula pachifuwa. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanayezedwepo chotero. Mfundo zotupa zinakwana, mapepala anga anawalandira, HIV ndi hepatite ndinalibe, chithunzi cha pachifuwa chinali choyera. Chimene chinanditsekereza ndi woyeza magazi wina wotchedwa QuantiFERON, amene anasonyeza kuti ndili ndi TB yogona.

Ndinali ndisanatsokomolepo chifuwa chachikulu, choncho ndinadabwa. Adokotala anandikhazika pansi n'kufotokoza kuti kachilombo ka TB kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri chitetezo chitakatsekereza, munthu osadwala ndiponso osapatsira ena. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi padziko lonse anatengapo kachilomboka, ndipo Mozambique ili m'gulu la mayiko 30 amene TB ndi yochuluka kwambiri. Mankhwala otseka TNF ndi ena ofanana nawo amamasula kachilombo kogonako, TB n'kudzuka mwamphamvu, nthawi zina osati m'mapapo mokha. Anati, "Mayi, tikakubayani lero tikhoza kuchiza manja n'kukudwalitsani chinthu choopsa kuposa." Malamulo a kafukufuku ameneyo ankafuna kuti ndiyambe ndalandira mankhwala a TB yogona. Usiku umenewo ndinalira, achimwene akungoti, "Achemwali, limbani mtima, anthuwa akanatha kungokulembani kuti nambala yawo ikwane." Pambuyo pake ndinaona kuti ananena zoona. Kundibweza kuja ndi kumene kunanditsimikizira kuti anali anthu oti n'kuwakhulupirira.

Ndinabwerera kwathu ndi kalata, ndipo mankhwala a TB yogona ndinalandira kuno popanda kulipira. Ena amapatsidwa isoniazid wa tsiku ndi tsiku miyezi 6, ena isoniazid ndi rifapentine kamodzi pa sabata kwa masabata 12. Chifukwa isoniazid ndi methotrexate onse amalemetsa chiwindi, magazi ankandiyeza kawirikawiri kuposa kale. Nditamaliza tinalembanso kalata. Yankho linali lakuti kafukufuku anadzaza. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri kawirikawiri amakhala ndi chiwerengero chimodzi cha mayiko onsewo pamodzi, ndipo chikakwana amatseka paliponse nthawi imodzi, kaya malo ena anali ndi anthu odikira. Ndikanadziwa za TB yogona ndisanayambe ulendo, mwina nthawi ikanandikwanira. Choncho inu amene mukuganiza zoyesa, funsani adokotala anu za kuyezetsa TB yogona, hepatite B ndi HIV panopa, musanalembe kalata kwina kulikonse. Kwa anthu a kuno, apa ndi pamene pali mwala wopunthwitsa.

Kodi ndiye kuti ulendo wanga unapita pachabe? Mankhwala atsopanowo sindinawalawe, zimenezo n'zoona. Koma kumeneko ndinaonana koyamba ndi dokotala wa nyamakazi weniweni, amene m'dziko lathu ndi osowa kwambiri. Zotsatira zonse anandipatsa, chifukwa ndinapempha, inunso muzipempha. M'kalata yopita kwa adokotala a ku Tete analangiza kuti methotrexate akwezedwe pang'onopang'ono, ndipo awonjezere hydroxychloroquine ndi sulfasalazine. Ndi mankhwala akale, otsika mtengo poyerekeza ndi obaya aja, ndipo kuphatikiza atatuwa ndi njira yodziwika kwa amene methotrexate yekha sakuwakwanira. Adokotala anga anatsatira, n'kuwonjeza kuti ndiziyezetsa maso chifukwa cha hydroxychloroquine. Patapita miyezi kuuma kwa m'mawa kunafupika, prednisolone ananditsitsira pang'onopang'ono, ndipo ndinabwerera m'kalasi. Sindinachire. Chala chimodzi cha kumanja chinapindika kale ndipo chidzakhala choncho, ndipo nyengo yozizira imandikumbutsabe. Musatenge mankhwala angawa kukagula nokha. Zimene zinandiyenera ine zikhoza kumupweteka wina, makamaka wa vuto la impso kapena chiwindi.

Kwa amene ali ndi lúpus, psoríase kapena matenda otupitsa matumbo, njira ndi yomweyi, kungoti zoyeza zimasiyana. A matumbo amafuna chithunzi cha m'matumbo chojambulidwa ndi kachubu, a lúpus amafuna magazi a ANA ndi zoyeza impso. Komanso si kafukufuku yense amene amapereka mankhwala. Wina amangolemba mbiri ya odwala, kuwayeza ndi kuwatsatira zaka, kuti adziwe kuchuluka kwa matenda ndi mmene amayendera pakati pa anthu a ku Africa. Woterowo sachiza, koma ndimaona kuti ndi umene tikusowa kwambiri kuno, pakuti makampani sabweretsa kafukufuku wa mankhwala kumene odwala sanawerengedwe. Utabwera ku Tete, ku Beira kapena ku Blantyre, ine ndingalowe mosazengereza.

Mwana wanga amayang'anabe m'makaundula aja mwezi ndi mwezi, ndipo chikwama cha mapepala chawonjezeka kalata yotsimikiza kuti ndinamaliza mankhwala a TB yogona. Koma pali funso limodzi limene ulendo uja ndinalifunsa chakumapeto, ndipo tsopano ndidzaliyambira pafoni ndisanatuluke m'nyumba: kafukufuku akadzatha, mankhwala atandithandiza, ndidzawapeza kuti? Ena amakhala ndi gawo lowonjezera limene onse, ndi a placebo omwe, amalandira mankhwala enieni kwa zaka zingapo. Ena amangotha, munthu n'kubwerera ku mankhwala akale, kutupa n'kuyambiranso. Chikalata cha Helsinki chimati dongosolo la pambuyo pa kafukufuku likonzedweretu ndipo munthu auzidwe asanasaine. Kwa wokhala ku Johannesburg mwina pali zipatala zina zimene zingamuthandize. Kwa ine wobwerera ku Angónia palibe. Akadzandiyankha momveka, ndipo zitalembedwa m'chikalata, ndidzakweranso basi. Akapanda kutero ndidzakhala pa mankhwala anga atatuwa, ndi kupitiriza kuyezetsa magazi ku Tete.